Njinga ya malasha pa phiri la Ngozi

Ndinali mu Giredi 9 pamene ndinawakana atate anga. Tinali titaima pa geti ya sukulu ndi anzanga, iwo n'kutulukira mu msewu wa Makeni akukankha njinga, masaka anayi a malasha atamangidwa pa kaliyala ndi malegeni, nkhope ili bii ndi fumbi. Anakweza dzanja kundipatsa moni. Mnzanga wina anafunsa, “Boi, uja mudala wa malasha akuziba?” Ine ndinati, “Awe, amatigulisa chabe malasha.” Atate anamva. Anatsitsa dzanja lija n'kupitiriza kukankha. Madzulo tinadya nsima mbale imodzi ngati kale, ndipo kwa zaka khumi palibe anaitchula nkhaniyo.

Inu amene munakulira mu komboni mukudziwa kuti mu Lusaka muli njinga za mitundu iwiri. Pali za ku Woodlands ndi Kabulonga, zamagiya ambirimbiri, zimene eni ake amatuluka nazo Loweruka m'mawa atavala chisoti n'kulowera mu Leopards Hill Road kukachepetsa mimba. Ndiye pali zathu, zimene zimadzuka tambala asanalire kukatenga katundu. Ya atate ndi Eagle yakuda, ya ku Chipata, ya giya imodzi, mabuleki ake a ndodo zachitsulo. Anthu a m'magalimoto amaiimbira huta kuti ichoke mu msewu.

Atate anali ndi nkhani imodzi imene ankaikonda. Asanakwatire ankagwira ntchito pa lole yopita ku Dar es Salaam, ndipo ulendo wina loleyo inafera pa Uyole, pafupi ndi Mbeya, kwa masabata awiri. Mnyamata wina wa kumeneko anawatengera kuphiri kukaona nyanja imene ili pamwamba penipeni, m'kamwa mwa phiri lomwe kale linkalavula moto. Ife ana tinkaseka. Madzi amatsikira kumunsi, nanga nyanja ikakhala bwanji pamwamba? Tinkati ndi nthano za mudala.

Sitiroko itawagwira, mbali ya kumanja inafooka, mawu nawonso anayamba kutuluka mmodzimmodzi. Njinga inapachikidwa kuseri kwa nyumba. Amayi anafuna kuigulitsa kuti tigule mankhwala, atate n'kukana ndi mutu. Usiku wina ndinafufuza pa foni, ndipo nyanja ija ndinaipeza: Ngozi, ena amalemba Ngosi, m'mapiri a Poroto kumwera kwa Tanzania. Ndinachita manyazi ndili ndekha pa bedi. Mawa lake ndinaitsitsa njinga ija.

Ndimakonza mafoni m'tauni, choncho ndalama ya ulendo inatenga miyezi isanu ndi itatu kuti ikwane. Lamlungu lililonse ndinkatchova mu Kafue Road, poyamba kulekeza pa Chilanga, kenako mpaka ku Kafue n'kubwerera. Amayi atamva dzina la nyanjayo anagwira pakamwa. “Dzina lokhalo likukuuza kuti ngozi, iwe ukuti ndipita?” Ndinawauza kuti m'Chiswahili ngozi ndi chikopa, koma sizinawatonthoze. Atate sanalankhule zambiri. Anandipatsa sipanala yawo, malegeni ndi timalabala ta mabuleki tinayi, n'kunena kuti, “Pokwera usalimbane nalo. Tsika, kankha.”

Mu Julayi ndinakwera basi kupita ku Kapiri Mposhi, njinga ili pamodzi ndi katundu, ndipo kumeneko ndinakwera sitima ya TAZARA. Njanjiyi inamangidwa ndi thandizo la China n'kutha mu 1975, ndipo ndi yaitali makilomita 1,860 kukafika ku Dar es Salaam. Ine ndinatsikira pa Mbeya, titadutsa Mpika, Kasama ndi Nakonde. Kuzizira kwa kumeneko kumaposa kwa Lusaka mu Juni.

Pa Uyole msewu umagawikana. Wina umapita ku Dar, wina umakhotera kumwera kulowera ku Tukuyu ndi kumalire a Malawi. Wachiwiriwu sukupatsa nthawi yokonzeka, umangoyamba kukwera. Ndinatchova nditaimirira pa mapedulo mpaka ntchafu zinayamba kunjenjemera, ndikuuza mtima kuti ine ndine wapaulendo, sindine wamalasha, sinditsika. Patapita theka la ola ndinatsika.

Ndikukankha choncho ndinapeza bambo wina akukankhanso yake, masaka atatu a mbatatesi atasanjikana kumbuyo, phewa lake litatsamira pa katundu. Anandiyang'ana n'kunena kuti, “Pole.” Ndi mawu amene Aswahili amauza munthu amene watopa kapena wavutika. Ndinamuyankha chimodzimodzi. Pamalo ena otsetsereka kwambiri njinga yake inayamba kubwerera m'mbuyo, ndiye ndinagoneka yanga m'mbali n'kuika manja pa masaka ake. Mamita 200 okha, koma msana unachita ngati uthyoka. Ana a sukulu anatidutsa akuseka, mmodzi akutsanzira mmene ndinkapumira. Sanali kuseka mwankhanza. Koma ndinaona geti ija ya ku Makeni, ndipo tsopano ndinali nditaima mbali ina ya msewu. Atate ankachita zimenezi masiku asanu ndi limodzi pa sabata, popanda wowagwirira kumbuyo.

Ku nyanja ya Ngozi njinga siifika. Ndinaisiya pa mudzi wa m'munsi mwa nkhalango, ndinalipira polowera, ndipo mnyamata wondiperekeza anatsogola. Njira yake ndi yoterera, imadutsa m'nsungwi ndi nthochi zakutchire zazitali kuposa nyumba. Titafika pamwamba, mamita opitirira 2,600 kuchokera pa nyanja yamchere, sindinaone kanthu. Nkhungu yokhayokha, mbee. Ndinakhala pansi, mtima uli zii, ndikuwerengera ndalama zonse zimene ndawononga. Wondiperekeza uja anangoti tidikire.

Tinadikira pafupifupi ola lathunthu. Kenako mphepo inakankha nkhungu ija, ndipo pansi pa mapazi athu, kutali m'chidzenje cha makoma oima njo odzaza mitengo, panali madzi obiriwira, ali phee, opanda bwato ngakhale limodzi. M'litali mwake ndi makilomita awiri ndi theka, m'lifupi kuposa kilomita ndi theka. Mmene inapangikira n'zosavuta kumva. Zaka zikwi zingapo zapitazo phirili linaphulika n'kutaya chiphalaphala ndi phulusa zimene zinali m'mimba mwake. M'kati mutatsala mphako, nsonga inagwera momwemo, ndipo madzi anadzaza dzenjelo pang'onopang'ono. Dera lonseli lili pamene nthaka ya Africa ikung'ambika, mng'alu womwewo umene unapanga nyanja ya Malawi. Amene munaviikapo chala m'madzi otentha a pa Chinyunyu mu Great East Road mwalawako kutentha kwa pansi pa nthaka. Atate sananame ngakhale pang'ono.

Masiku otsatira anali okoma. Phulusa la mapiriwa ndi limene linasanduka dothi lachonde, choncho kulikonse ndi nthochi, makotapela ndi minda ya tiyi, phiri la Rungwe litaima pamwamba pa zonsezo, pafupifupi mamita 3,000. M'nkhalango zake mumakhala nyani wotchedwa kipunji, amene asayansi anamudziwitsa ku dziko mu 2005 pomwepa. Pa mtsinje wa Kiwira ndinaona mlatho wa mwala umene chiphalaphala chinasiya chitazizira. Anthu amautcha Daraja la Mungu, mlatho wa Mulungu. Ndinagona ku Tukuyu, tauni imene Ajeremani ankaitcha Neu Langenburg, n'kudya nthochi zophika ndi nyama.

Nyanja imene ndinaizungulira ndi njinga ndi ina yaing'ono, ya Masoko, ena amati Kisiba, kum'mwera chakum'mawa kwa Tukuyu. Ndi yobulungira ngati mbale ya ndiwo, ndipo madzi ake mukhoza kuwafika. Anthu a kumeneko, Anyakyusa, amasimba kuti Ajeremani pothawa nkhondo anataya chuma chawo m'menemo. Ine ndinangotsukamo tcheni ndi mapazi.

Kutsikira ku Kyela ndiye kunandiopsa. Msewu umatsika kwa nthawi yaitali, ndipo mabuleki a Eagle sanapangidwire zimenezo. Malabala anayamba kununkha, limodzi linatha mpaka chitsulo chinalira pa limu. Ndinaima, manja akunjenjemera, n'kutulutsa timalabala tija. Apo m'pamene ndinazindikira chifukwa chake anandipatsa tinayi. Tsiku lotsatira ndinafika ku Matema, kumene nyanja ya Malawi imayambira, mapiri a Livingstone atagwera m'madzi.

Nditabwerera ku Makeni ndinawapeza atate ali pa mpando panja, akuwothera dzuwa. Ndinawapatsa foni. Anayang'ana chithunzi cha Ngozi nthawi yaitali, akuchikulitsa ndi chala cha kumanzere. Kenako anandibwezera n'kukodola kuti ndisendeze njinga. Anazunguza gudumu, anamvetsera, anatsina tayala.

Ndinagwada pambali pawo. “Atate, tsiku lija pa geti ya sukulu, mutanyamula masaka anayi aja...”

“Asanu,” anatero. Anapumira kaye kuti mawu abwere. “Anali asanu. Lachisanu linali la yunifomu yako.”

Ndinasowa choyankha. Iwo anali atabwerera kale ku njinga, akuloza tcheni. “Waitsuka ndi madzi iyi. Bweretsa oyilo isanachite dzimbiri.”

Ndinalowa m'nyumba kukatenga oyilo.