Mankhwala Awiri, Ulendo Umodzi

Amayi athu, amene amakhala ku Ulongwe m'boma la Balaka, anasiya kusamba kalekale, koma anayambanso kutaya magazi. Anabisa kwa miyezi yambiri, pakuti zotere mayi sauza ana ake. Ife tinazindikira pamene anayamba kukana kukhala pamphasa imodzi ndi alendo.

Kuchipatala cha ku Liwonde anawayeza, natitumiza ku Blantyre. Kumeneko dokotala anatiuza kuti ndi khansa ya khomo la chiberekero, ndi kuti yafalikira kale kotero kuti opaleshoni siingathandize. Mitima yathu inasweka, popeza tinkayesa kuti kumeneko ndiko kutsanzika.

Koma dokotalayo anafotokoza njira ina: kuwotcha chotupacho ndi cheza cha makina masiku 5 pasabata kwa masabata 5, ndipo kamodzi pasabata kulandira mankhwala a m'diripi otchedwa cisplatin. Mankhwalawo amafooketsa khansa kuti cheza chiiphe msanga. Madokotala a ku America anatsimikiza njirayi m'chaka cha 1999, koma kwa zaka zambiri makinawo kunalibe m'Malawi muno, ndipo odwala ochepa okha ndiwo ankatumizidwa kunja, monga ku India. Makina oyamba anayamba kugwira ntchito ku Blantyre mu 2024, ndipo aboma ku Lilongwe mu 2025.

Chimene chinatiopsa ndi ichi: chithandizo chonse chiyenera kutha m'masabata 8, chifukwa wodwala akadumphitsa masiku, khansa imaphukanso ngati udzu wopalira mwamphwayi. Sabata yachitatu amayi anasanza, nafooka, nati, "Ana inu, ndiperekezeni kwathu, ndikafere pakhomo panga." Tinawagwadira kuti apirire. Tinagulitsa mbuzi ziwiri, tinagawana masiku owadikirira, ndipo amayi a Mvano anatisonkhera ufa ndi nyemba. Mutu umodzi susenza denga.

Lero amayi ali kwawo, akusenda chinangwa pakhonde. Sitinena kuti nkhondo yatha, pakuti amapitabe kukaonedwa ndi dokotala. Koma magazi analeka, ndipo alendo akabwera amayala mphasa okha.

Inu amayi anzathu a ku Ntaja, Nsanama, Phalula ndi Utale, kayezetseni thupi lisanayambe kupweteka. Atsikana a zaka 9 alandire katemera wa HPV amene anayamba kuperekedwa m'dziko lonse mu 2019. Ndipo wina akauzidwa kuti nthenda yakula, musamlire ali moyo. Mugwireni dzanja kufikira tsiku lomaliza la mankhwala.