Damu la Eni Ake, Madzi a Tonse

Anzanga acinyamata, kodi munayendapo pamwamba pa khoma la damu ndi kuyang'ana pomwe mwaponda? Ine ndinayamba kutero mu 2024 cabe, ngakhale ndakulira m'mbali mwa damu.

Damu lathu liri pa famu ina kufupi ndi Chipata. Ndati lathu, koma si lathu ai. Ambuya amati analimanga mzungu wolima fodya pamene Chipata anali kuchedwa Fort Jameson. Khoma lake si la simenti monga la Kariba. Ndi dothi lokhalokha lotsendera bwino, mtapo pakati, ndipo pambali pali ngalande yotayira madzi damu likadzaza.

Pa 29 February 2024 a Pulezidenti Hichilema analengeza kuti cilala cagwetsa dziko m'tsoka. Zitsime za kumtunda zinauma, koma zathu za kumunsi sizinaume, cifukwa madzi a m'damu amalowa pansi pang'onopang'ono ndi kunyowetsa dambo lonse. Repu ndi matimati a m'madimba ndiwo anatigulira unga caka cimeneco.

Tsono mwini famu anachinga damu ndi waya, ndipo mlonda anayamba kupitikitsa abusa a ng'ombe. Mtima unandiwawa. Ku koleji ndinaphunzira kuti lamulo la madzi la 2011 limati madzi a cilengedwe ali m'manja mwa Pulezidenti m'malo mwa anthu onse, motero ndinapita ku famu nditakonzeka kukangana.

Mkuluyo sanakangane nane. Anangoti, "Tiyeni mukaone, mwana wanga." Anandionetsa mitengo yomera pa khoma, nati mizu yake ikaola imasiya njira ya madzi mkati. Anandionetsa culu ca ciswe, ndi mikwasa imene ng'ombe zathu zinakumba potsikira kukamwa. Ngalande yotayira ija tinali titaitseka ife tomwe ndi uvuni wa njerwa. Dothi siliri ngati simenti: madzi akangodumpha pamwamba pa khoma, amalidya msangamsanga. Ndinakumbuka damu la Kandesha ku Mumbwa, limene linasweka mu December 2020 ndi kugwetsa nyumba za anthu. Kumunsi kwa damu lathu, nyumba yoyamba ndi ya ambuya.

Pamaso pa anyakwawa tinapangana kuti ng'ombe zizimwera kumtunda, kutali ndi khoma, ndi kuti ife ticotse uvuni, tidule zitsamba, tibzale kapinga. Mitengo ikuluikulu tinaisiyira akatswiri, pakuti kuzula citsa mosadziwa ndiko kuboola khoma.

Ena a m'gulu lathu anakana. Anati n'cifukwa ninji tigwire nchito yaulere pa cuma ca munthu wolemera, amene mawa angathe kugulitsa famu kwa wina wouma mtima? Funso limenelo limandivutabe, pakuti pangano lathu ndi la pakamwa. Loweruka loyamba tinabwera anthu 11. Waya ukalipo mpaka lero, koma kumtunda anaikako cipata.