Banjo yathu ya citini

Tinali atatu, ana a m'komboni ya Chawama, ndipo tinali ndi banjo imodzi. Tinaipanga tokha ndi citini ca saladi, kathabwa kotola pamalo omanga nyumba, ndi waya wa mabuleki a njinga. Madzulo tinali kukhala kuseli kwa nyumba, kuyesa kutsatila kalindula wa Amayenge amene anali kulila pa wailesi ya aneba.

Tinaliza mawiki atatu cabe. Waya unali kutidula zala, koma zimenezo tinali kupilila. Tsiku lina anyamata aakulu anaima pafupi, anamvetsela, n'kuseka mpaka kugwilana mapewa. Mmodzi anati banjo yathu ilila monga pusi wopanikizika pacitseko. Usiku womwewo amalume anawonjezela kuti gitala sidyetsa munthu, tiike nzelu ku mayeso a Giredi 7. M'mawa mwake citini tinakaponya ku dzala, waya tinapangila motoka.

Kwa zaka zoposa 20 takhala tikuuza anthu kuti tilibe mphatso ya nyimbo. Koma ndani angadziwe mphatso yake m'mawiki atatu? Cinatithamangitsa ni manyazi, ndipo tinawapatsa dzina lina kuti asativute.

Manje awili mwa ife tithandizila pa wailesi ya m'dela lathu. Pokonza pulogilamu ya nyimbo zakale, tinafika pa ba Emmanuel "Jagari" Chanda a gulu la WITCH, limene linachuka ndi Zamrock m'ma 1970. Nyimbo zitazilala, iwo anakhala mphunzitsi, pambuyo pake n'kupita kukakumba miyala yamtengo wapatali. Koma anabwelela, ndipo mu 2023, ali mdala kale, WITCH inatulutsa cimbale catsopano, Zango.

Ife sindife ba Jagari. Iwo anasiya atafika pamwamba, ife tinasiya tisanayambe n'komwe. Cimene cinatipweteka mu situdiyo tsiku lija ni mnzathu wacitatu. Ndiye anali ndi khutu lakuthwa, ndiye anali kumanga waya mpaka mawu akhale bwino. Tinamuika m'manda caka catha, osagwilanso coimbila ciliconse. Nthawi zonse anali kukamba kuti tidzayambanso zinthu zikakhala bwino.

Tinasonkha ndalama n'kugula gitala yogwilako kale nchito. Pa Ciwelu paliponse, pulogilamu ikatha, tikhala pakhonde ndi makodi atatu amene tidziwa: G, C ndi D. Zala zipwetekabe. Sitidzajambula cimbale, ndipo amalume sananame: gitala iyi siinatigulilepo olo kapamela ka unga. Koma ola limenelo ni lathu, ndipo tikamaliza, dzina la mnzathu siticita nalo mantha kulichula.

Ana a pafupi amabwela kudzatiseka tikaphonya. Sabata yatha kamtsikana kena kanaleka kuseka, kanasendela, n'kufunsa ngati kangagwileko. Tinakapatsa. Kanaliza zosamveka, anzake n'kuyamba kukuwa. Tinakauza kuti kabwelenso pa Ciwelu, ndi pa Ciwelu cinaco, mpaka mawiki atatu apitilile.