Mphepo ndi Utsi pa Chilumba cha Likoma

Ambiri a ife a kumtunda timayesa kuti munthu wokhala pa chilumba sangapume mpweya woipa. Timati madzi amzinga mbali zonse, mafakitale palibe, magalimoto ndi oŵerengeka, nanga utsi uchokera kuti? Zoona zilimo m'ganizo limeneli. Koma ife amene tinaphunzitsako ana pa Likoma tinaona kuti mpweya wa pamenepo usinthasintha ndi nyengo, ndiponso kuti ana amatsokomola kwambiri m'miyezi imene kunja kuli koyera.

Likoma ndi kachilumba ka m'nyanja ya Malaŵi, kukula kwake ngati masikweya kilomita 18. Ngakhale kali m'dziko lathu, kayandikana ndi gombe la Mozambique, kotero kuti munthu ataima pa doko la Mbamba aona bwino mapiri a ku Cobue. Nthaka yake ndi ya miyala ndi mchenga, mitengo yochuluka ndi milambe ndi mango, ndipo nkhuni zambiri zimaoloka pa ngalawa kuchokera kutsidyako.

Utsi nawonso umaoloka, koma wosalipira ngalawa. Kuyambira Ogasiti kufikira Okutobala anthu amatentha tchire kutsidya, ndipo mphepo ya vuma, yochokera kum'maŵa, imautengera pamwamba pa madzi popanda phiri kapena nkhalango youtchinga. Masiku ena mapiri aja amazimirira, dzuŵa nkuloŵa lofiira ngati khala la moto. Mlendo asasokoneze utsi umenewu ndi mitambo yakuda imene imafuka pakati pa nyanja: imeneyo ndi nkhungu, tizilombo touluka timene anthu a kunyanja amakola nkupanga ndiwo.

Mvula ikayamba, cha mu Novembala kapena Disembala, imatsuka fumbi ndi utsi wonse. Chotsala ndi utsi wa pa gombe, pakuti dzuŵa likasoŵa asodzi sangaumitse nsomba zonse pa thandala, ndipo zambiri amaziŵamba pa moto.

Nyengo imene tifuna kuti makolo aiganizire ndi ya mwera. Mphepo imeneyi imaomba kuchokera kumwera m'miyezi yozizira, makamaka Juni ndi Julayi, nthaŵi zina masiku angapo osaleka, mpaka asodzi amakokera mabwato kumtunda. Panja pamayera mbee. Koma m'nyumba mosemo zitseko zatsekedwa, mazenera atsekedwa ndi nsanza, moto umene unali pabwalo waloŵa m'khitchini. Mayi akuphika ali choŵerama, mwana ali kumbuyo, ndipo kamphuno ka mwanayo kali pomwe utsi ukudutsa pofuna potulukira. Khanda limapuma mofulumira kuposa munthu wamkulu, mapapo ake ndi anthete, nchifukwa chake utsi umalitsegulira njira ya chibayo. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linaŵerengera kuti m'chaka cha 2020 anthu okwana 3.2 miliyoni anafa ndi matenda odza ndi utsi wa m'nyumba, ndipo oposa 237,000 mwa iwo anali ana osakwana zaka zisanu.

Ngakhale mwera ukaleka, vuto silitheratu. Usiku mtunda umazizira msanga kuposa madzi a m'nyanja, ndipo mpweya wozizira, pokhala wolemera, umatsetsereka kuchokera m'zitunda kunka ku gombe. Utsi wa madzulo sukwera kumwamba koma umakwawa nawo, nudzaza nyumba za m'munsi. Amene atentha zinyalala pamtunda dzuŵa litaloŵa adziŵe kuti akufukiza mnansi wake wa kudooko. Ife akulu a mpingo timaweruza milandu yambiri ya anansi, ya mbuzi ndi ya malire, koma wa utsi sitinaumvepo, ngakhale umafika mpaka pamphasa pogona ana.

Choopsa koposa ndi mbaula ya makala. Nkhuni zimachenjeza munthu poŵaŵa m'maso, koma makala amatulutsa mpweya wakupha wopanda fungo kapena mtundu. Ogona nawo m'chipinda chotseka amayamba ndi mutu ndi chizungulire, ndipo ena sadzukanso. Izi si za ku Likoma kokha. A ku Dedza ndi ku Ntcheu, kumene Juni amaluma, azidziŵa bwino.

Tsono inu anyamata amene mukuumba njerwa chaka chino, musanamange khitchini yambani mwaona kumene mphepo ya Juni imachokera. Khomo lisayang'ane kumeneko, kuti mayi asakakamizike kulitseka, ndipo musiye mpata pamwamba pa khoma, mbali imene mphepo ikupita. Nkhuni ziume zisanafike pa mafuwa. Ndipo inu atsikana, mayi akamasonkha moto, mlandireni mwana mukhale naye pakhonde kufikira nkhuni zitayaka bwino.