Tchopa Wakwera Pansanja, Bwalo Lamera Udzu

Ife amene tinakulira kuchigwa cha Phalombe m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980 tinkadziwa nyengo za chaka poona kumene anthu asonkhana. Mvula ikagwa, anthu ankapezeka pa dima, lero munda wa uyu, mawa wa uyo, mwini munda atafulula mowa kapena thobwa. Chimanga chikalowa m'nkhokwe, ng'oma zinkatuluka m'nyumba kukawambidwa pamoto. Sukulu zikatsekera mu Ogasiti inali nyengo ya zinamwali. Nandolo akauma, dzuwa litayamba kuswa mtengo, kunkabwera maukwati ndi sadaka zokumbukira amene anatsogola. Pa zonsezi panalibe kalata yoitanira munthu. Ng'oma ikalira tsidya la mtsinje, aliyense amene waimva ndiye kuti waitanidwa.

Nthawi imeneyo Phalombe sinali boma payokha. Tinali pansi pa Mulanje mpaka mu 1998, ndipo kuti munthu akafike kwa DC ankayenda ulendo wozungulira phiri, pa msewu wa fumbi m'chilimwe ndi matope m'dzinja. Magetsi m'midzi munalibe. Wailesi inali imodzi, ya MBC, ndipo nyumba imene inali nayo inkadzaza madzulo. Tinali anthu otalikira, pakati pa phiri la Michesi, phiri la Mulanje, nyanja ya Chilwa ndi malire a Mozambique. Chisangalalo chimene tinkachifuna tinkayenera kudzipangira tokha, ndipo tinkachipanga pabwalo la mfumu, pansi pa mitengo ikuluikulu, pomwenso pankaweruzidwa milandu.

Gule wamkulu kwa ife Alhomwe anali tchopa. Amene anangomuona pa kanema sangadziwe kulemera kwake. Ng'oma zimakhala zitatu, zosiyana kukula ndi mawu. Ovina amazungulira, napingasana pakati pa bwalo osagundana, pamsana atabereka mitolo ya makasu, nkhwangwa, zikopa za nyama, zidole, miphika yakale ndi zida za uzimba. Mlendo amaona ngati katundu wongotolera, koma agogo anatiuza kuti pamsana pa wovina pali ulendo wonse wa makolo athu, amene anachoka ku Mozambique kumapeto kwa zaka za m'ma 1800 ndi kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1900 atasenza chilichonse chimene anali nacho, ena n'kukathera m'minda ya azungu ku Mulanje ndi ku Thyolo, kumene anagwira thangata. Tchopa ankavinidwa pa chifukwa chodziwika: kuthokoza zokolola, kukondwerera alenje akabwera ndi nyama, kapena kupepesa mizimu kukagwa chilala ndi mliri. M'chilala cha 1992 ndinaona akuluakulu a kwathu akuthira nsembe ya ufa ndi mowa patsinde pa mpoza, ndipo ng'oma zitayamba sipanapezeke munthu wokhala pansi. Nkhalamba yoyendera ndodo inalowa m'bwalo, mayi wa mwana kumsana analowa, ifenso anyamata tinalowa.

Chimene ndimachikumbukira kwambiri n'chakuti pabwalo panalibe mzere wolekanitsa ovina ndi oonerera. Woimba ng'oma akatopa ankapatsira mnzake, ndipo mwana amene wakhala akuimirira kumbuyo kwake, maso ali pa manja, tsiku lina ankangouzidwa kuti agwire kang'oma kakang'ono. Umu ndi mmene luso linkayendera. Sipanali mphunzitsi wolembedwa ntchito kapena tsiku la maphunziro. Atsikana ankaphunzira sekhere ndi likwata poima pafupi ndi azakhali awo. Nyimbo zambiri zinali m'Chilhomwe, choncho ngakhale ife amene pakhomo tinkalankhula Chichewa tinkatola mawu a makolo kudzera m'kuimba.

Sindikunena kuti kale zonse zinali bwino. Misonkhano ina tinkapita mokakamizidwa. M'nthawi ya chipani chimodzi, anyamata a chipani ankaima pakhomo la msika kufunsa khadi, ndipo amayi athu ankasiya minda n'kukwezedwa m'malole kukavinira Kamuzu. Kuthezo nako kunali malangizo abwino a ulemu ndi ntchito, koma kunalinso zina zimene zinapweteka ana, monga mwambo wa kusasa fumbi umene unachotsa atsikana ambiri pasukulu n'kuwapatsa mimba ndi matenda. Kuti mafumu, mipingo ndi makolo analimbana nazo zimenezi, ine ndikuthokoza. Panalinso manyazi. Ngakhale Lewis Bandawe ndi anzake anayambitsa bungwe loyankhulira Alhomwe mu 1943, patapita zaka makumi anayi Alhomwe ambiri akafika ku Blantyre ankabisabe mtundu wawo poopa kusekedwa. Kwathu tinkavina tchopa ndi mtima wonse, koma kutauni tinkakhala chete ngati sitikumudziwa.

Kusintha sikunabwere tsiku limodzi, ndipo sikunachokere mbali imodzi. Choyamba chinali imfa. M'zaka za m'ma 1990 Edzi inatenga anthu a msinkhu wapakati, omwe ndiwo anali odziwa kusema ndi kukunga ng'oma, otsogolera nyimbo, ofulula mowa wa pa sadaka. Maliro anachuluka mpaka mudzi unalibenso mphamvu kapena chimanga chochitira phwando. Agogo anatsala ndi zidzukulu, ndipo pakati pawo panasowa m'badwo umene ukanalandira luso kwa akulu n'kulipereka kwa ana.

Chachiwiri chinali ndalama. Ndale za zipani zambiri zitabwera mu 1994, magulu a magule anayamba kuitanidwa ku misonkhano ya andale n'kumapatsidwa kangachepe, nsalu ndi malaya. Mabungwe othandiza anthu nawo akamabwera ndi alendo ankafuna gule wowalandirira. Sindiimba mlandu ovina, pakuti m'mimba mulibe chisoni, ndipo luso la munthu liyenera kulemekezedwa. Koma pang'onopang'ono tchopa anasanduka ntchito ya gulu lokhala ndi wapampando, mlembi ndi msungichuma, lovina pokhapokha pali wolipira. Dima nayo inatha momwemo. Lero wofuna kulimiridwa amalemba aganyu, ndipo amene alibe ndalama amalima yekha.

Chachitatu chinali malo. Anthu tachulukana m'chigwa chino, minda yagawidwa mpaka yatsala mizere yowerengeka. Mabwalo ena analimidwa, ena anamangidwapo nyumba. Mitengo ikuluikulu yosemera ng'oma inathera ku makala, matabwa ndi uvuni za njerwa, ndipo nyama zakutchire zimene zikopa zake ovina ankabereka zinatha kalekale. Anyamata amene akanakhala pabwalo madzulo ali pa kabaza ku Migowi, ali ku Limbe, ali ku Mozambique kapena ku Joni kufunafuna ndalama.

Kenaka kunabwera magetsi ndi phula. Msewu wochokera ku Zomba kudzera ku Jali mpaka ku Chitakale utakonzedwa, Phalombe inayandikira tauni, ndipo tauni inalowa m'mudzi. M'misika ya ku Migowi, Chiringa ndi Mulomba munatsegulidwa nyumba zoonetsa mafilimu ndi mpira wa ku England, ndipo ana anapeza kwina kothera madzulo. Foni itafika, aliyense anakhala ndi nyimbo zake m'thumba. Ukwati wa lero uli ndi makadi, matenti, mipando yobwereka, jenereta ndi zimkuzamawu, ndipo mtima wa mwambowo ndi perekaniperekani. Woyendetsa mwambo amaitana akuchimuna, akuchikazi, a kumpingo, anzake a kuntchito, aliyense ndi ndalama m'manja. Mayi wamasiye amene kale akanabwera ndi mtolo wa nkhuni kapena mtsuko wa madzi n'kuvina mpaka mbandakucha, lero amaima kunja kwa tenti chifukwa alibe choponya.

Pakati pa zonsezi panachitika chinthu chimene makolo athu sakanachilota. Mu 2007 Bingu wa Mutharika anayambitsa Mulhako wa Alhomwe, ndipo kuyambira mu 2008 Alhomwe amasonkhana kwa Chonde ku Mulanje m'mwezi wa Okutobala. Ndinaona ndi maso anga anthu ophunzira, ovala masuti, akudya kalongonda ndi makaka poyera, akupatsana moni m'Chilhomwe mosabisa. Mu 2014 bungwe la UNESCO linaika tchopa pa mndandanda wa miyambo yofunika kusungidwa ya anthu a dziko lonse lapansi. Kwa munthu amene anakula akumva mtundu wake ukutchulidwa monyoza, zimenezi si zazing'ono. Mwana wa ku Phalombe lero amatchula mtundu wake mutu uli m'mwamba, ndipo ndimathokoza onse amene anagwira ntchito imeneyi.

Komabe kwa Chonde ndi tsiku limodzi pachaka. Gulu lililonse limapatsidwa mphindi zochepa, limavina moyang'ana kunsanja kumene kwakhala alendo olemekezeka, kenaka limatuluka kuti lina lilowe ndi kuti zoyankhula ziyambe. Khamu limaonerera lili kuseri kwa chingwe, ambiri atakweza mafoni. Tchopa wa mphindi zochepa ndi wokongola, koma sangaphunzitse mwana kuimba ng'oma, sangagwirizanitse mabanja awiri amene anayambana pa malire a munda, sangapatse nkhalamba mpata wolowa m'bwalo ndi ndodo yake. Dzina la gule wathu lafika kutali kuposa kale lonse pa nthawi imene midzi yambiri ilibe ng'oma ngakhale imodzi. Ichi ndicho chimandisowetsa mtendere.

Wina anganene kuti anthu a ku Phalombe sanasiye kusonkhana, ndipo akunena zoona. Amayi amakumana ku banki m'khonde sabata iliyonse, ndipo ndalama za m'bokosi la gulu lawo zalipirira ana ambiri sukulu. Amayi a Mvano, a Dorika ndi a Chikatolika amayendera odwala. Makwaya amachezera usiku kuphunzira nyimbo, mabwalo a mpira amadzaza Loweruka ndi Lamulungu, ndipo tsiku la msika njinga zimachuluka mpaka kusowa podutsa. Misonkhano imeneyi ndi yamoyo ndipo ndi yathu. Kusiyana kwake n'kwakuti uliwonse uli ndi khomo. Ku banki umalowa ndi masheya, ku mvano ndi yunifolomu ya mpingo wako, ku msonkhano wa ndale ndi nsalu ya chipani chako. Bwalo lakale linalibe khomo. Mkatolika, wa CCAP, Msilamu ndi wosapemphera, wokolola ngolo ndi wokolola lichero, onse ankaponda fumbi limodzi.

Msonkhano wopanda khomo umene watsala ndi maliro. Uthenga ukamveka, makasu amagonekedwa pansi, adzukulu amapita kumanda, amayi amatunga madzi ndi kusonkha ufa, abambo amagona panja pa siwa. Palibe amafunsa chipani kapena mpingo. Ndipo tsoka likagwa lalikulu, mtima womwewo umaonekera poyera. Mu Malichi 1991 napolo atatsika m'phiri la Michesi ndi miyala ndi matope n'kupha anthu mazanamazana, oyamba kufika anali anansi ndi makasu awo. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy atasesa midzi ya kwa Nkhulambe ndi madera ena, misewu ndi milatho itaduka, zinachitikanso chimodzimodzi. Thandizo la kunja lisanafike, anthu anafukula anzawo m'matope, anagawana ufa wotsala, anagona pamodzi m'makalasi ndi m'matchalitchi. Akuluakulu anati maliro n'kulirana, ndipo Phalombe mawu amenewa sinawataye.

Koma anthu amene anathamanga ndi makasu aja anaphunzira kuti kuitana kwa mnzako sikukanidwa chifukwa anakulira m'midzi imene inkalima pamodzi, kuvina pamodzi ndi kudyera m'mbale imodzi. Chizolowezi chimenecho chimafuna podyera. Ngati mudzi wonse uzikumana pokhapokha pali mtembo, ana athu adzadziwana ndi anansi awo m'misozi mokha, ndipo sindikhulupirira kuti ubale wotero ungapirire mibadwo iwiri.

Zofunika kuchita sizikusowa ndalama za boma kapena za mabungwe. Mafumu athu, kwa Mkhumba, kwa Nazombe, kwa Kaduya, kwa Chiwalo, kwa Jenala ndi kwa Nkhulambe, ali ndi mphamvu yoteteza bwalo la mudzi uliwonse kuti lisalimidwe kapena kugulitsidwa, ndiponso yodzalitsa mitengo imene zidzukulu zidzasemere ng'oma. Mudzi uliwonse ungathe kusankha tsiku limodzi pambuyo pa kukolola, lopanda mlendo wolemekezeka, lopanda nsalu ya chipani, lopanda mbale ya ndalama, pamene banja lililonse libwere ndi chimene lili nacho ndipo aliyense alowe m'bwalo. Aphunzitsi a m'sukulu za pulayimale angathe kuitana nkhalamba zodziwa ng'oma kuti ana azigwire ndi manja awo. Atsogoleri a mipingo nawo asiyanitse nsembe, imene Mkhristu kapena Msilamu ali ndi ufulu woikana, ndi gule wothokoza zokolola, amene sadetsa chikhulupiriro cha munthu.

Odziwa kukunga ng'oma za tchopa ndi kutsogolera nyimbo zake m'Chilhomwe akalipo m'midzi ya m'mphepete mwa Michesi ndi kuchigwa cha Chilwa, koma ambiri ndi okalamba, ndipo chaka chilichonse timaikako ena. Satifiketi ya UNESCO idzakhalapo ngakhale iwo atatha onse. Ngati tikufuna kuti pakhalenso gule weniweni, tiwapatse ana oti awaphunzitse m'chilimwe chikubwerachi, pabwalo la kwawo, manja awo akadali ndi mphamvu.