TIMADONTHO TIWIRI PA MADZI A LUANGWA

Amene anafikako ku Malambo m'mwezi wa Okutobala adziwa kuti dzuwa la kumeneko silicita nthabwala. Kucokera ku Chipata mseu wa makilomita oposa 120 utsetsereka kulowa m'cigwa kufikira ku Mfuwe, m'dziko la Akunda, ndipo mphepo yolowa pa zenera la galimoto imanka nitentha ngati icokera pa ng'anjo. Ndinatumidwa kumeneko kukajambula mtsinje wa Luangwa pa nthawi imene madzi ace aphwa.

Mtsinjewu uyambira ku mapiri a Mafinga ndipo uyenda makilomita pafupi-fupi 770 kufikira ukathira mu Zambezi pa boma la Luangwa, limene kale linali kuchedwa Feira. Tsidya lija la mtsinje ndi nkhalango ya nyama ya South Luangwa, yosungidwa kuyambira 1938 ndi kukwezedwa kukhala paki mu 1972. Tsidya lino kuli midzi. M'dzinja Luangwa asefukira ndi kugumula magombe, koma pa cilimwe atsala timifuleni toyenda pakati pa mcenga, ndi maiwe akuya m'mene mvuu zipanikizana. Anthu, nyama ndi ng'ona onse adalira madzi ocepawo.

Madzulo a tsiku loyamba ndinapeza amai asanu akutunga madzi ndi kucapa pa dooko lina. Nditapempha cilolezo ndinawajambula zithunzi khumi ndi ziwiri. Usiku, tikuziyang'ana pa kompyuta m'nyumba ya alendo, dalaivala wathu anadumpha naloza kadontho kakuda pamwamba pa madzi, kumanzere kwa amaiwo.

“Bambo, iyi ndi ng'ona! Nkhani mwaipeza, ikani pa tsamba loyamba.”

Ndisaname, mtima unafuna kubvomera. Koma nyuzi ikanena kuti pa dooko lakuti pali ng'ona pamene palibe, amai adzayenda mtunda wautali pacabe, ndipo tsiku lina tikadzacenjeza zoona palibe adzamva. Ikakhalanso cete pamene ng'ona iripo, mlandu wace ndi maliro. Cotero tinakhala pansi kufunsa kadonthoko mafunso.

Funso loyamba linali lakuti, kodi kali pati m'zithunzi zinazo? Tinakapeza m'zonse khumi ndi ziwiri, pa ngodya imodzimodzi. M'cithunzi cina kanali pa madzi, m'cina pa mcenga, ndipo m'cina, cimene ndinajambula nditaloza kamera m'mwamba, kanali pa mtambo. Ng'ona siuluka. Kanthu kamene katsata kamera kuli konse kumene yaloza kali mkati mwa kamera momwemo. Linali fumbi lokhala pa kacipangizo kolandira kuwala, ndipo ndinakumbukira kuti ndinasintha galasi la kamera m'mbali mwa mseu galimoto lina likupita. Fumbi lotere liwonekera kwambiri dzuwa likawala, cifukwa pamenepo kaboo kolowetsa kuwala kamacepetsedwa, ndipo liwonekera pa malo osalala monga madzi ndi thambo. Wofuna kutsimikiza ajambule pepala loyera: kadontho kakatuluka pomwepo, mlandu watha. Mankhwala ace ndi kampira kopopera mphepo. Kupuzira ndi pakamwa kungoonjezapo malobvu.

Panalinso zina zoipitsa zithunzizo, koma izi sizinatibvute. Timipira toyera tondandalikana mzere umodzi kucokera ku dzuwa ndi kuwala kumene kwagunda magalasi a kamera, ndipo kuphimba galasi ndi cipewa kumaticotsa. Pamene panaoneka mbuu ngati nkhungu panagwa dontho la madzi a amai ocapa aja.

Dalaivala anagona wokhumudwa. Ine tulo tinakana, ndipo ndinabwereza kuyang'ana. M'zithunzi zitatu zotsiriza munali kadontho kaciwiri, kakang'ono koposa koyamba, pansi pa mthunzi wa mtengo wa mvunguti. Aka sikanali pa ngodya imodzi. Poyerekeza ndi citsa ca pa gombe, kanali kusendera ca ku dooko, ngakhale madzi anali kupita kwina. Nditakakuza ndinaona kuti ndi timatumphu tiwiri, ndipo kumbuyo kwace madzi anang'ambika mizere iwiri yonga mcira wa namzeze. Fumbi siling'amba madzi, ndipo cikuni sicikwera mtsinje.

M'mamawa ndinapita ku dooko ndi kupeza msodzi wina wacikulire akukonza ukonde pambali pa bwato lace. Ndinamuonetsa cithunzico.

“Ambuya, kodi maso anga andinamiza?”

Iwo anayang'ana kamodzi kokha. “Iai mwana wanga, ndi yomweyo. Ici ndi mphuno, awa ndi maso. Unali utaimirira pati?”

Ndinaloza pa mcenga, m'mphepete mweni-mweni mwa madzi. Anapukusa mutu nanditsogolera kukwera pa gombe lalitali. “Madzulo dzuwa likakhala tsidya lija, madzi asanduka kalilole. Wokhala pansi aona mitengo ndi mitambo cabe. Ife tisanakankhe bwato tiyamba takwera pano.”

Zimene ananenazo ndi zomwenso ophunzira za kuwala anapeza. Munthu akayang'ana madzi molunjika kucokera pamwamba, kuwala kobwerera pa nkhope ya madzi ndi magawo 2 okha mwa 100, motero aona za mkati. Akayang'ana capansi-pansi, pafupi-fupi kuwala konse kubwerera, ndipo madzi abisa zonse ziri m'mimba mwace. Ojambula ali ndi galasi lakuda lozungulira, lochedwa polarizer, limene limadula kunyezimiraku. Ligwira bwino nchito kamera ikapendekera pa madzi madigiri pafupi-fupi 37, koma silithandiza kweni-kweni ukaloza dzuwa maso ndi maso monga ndinacitira ine. Langa linali m'thumba tsiku lonse, ndipo pa ici ndiribe wina womuda.

Titaima pa gombepo, dzuwa liri kumbuyo kwathu, ndinabveka galasilo ndi kulizunguza pang'ono-pang'ono. Mitambo inacoka pa madzi. Madzi a Luangwa si oyera ngakhale pa cilimwe, komabe pamalo osaya pansi pa mvunguti uja panaoneka msana wautali wamanyanda-manyanda, uli phee.

Msodziyo ananditengera kwa anyakwawa, amene anaitanitsa amai aja naonetsa cithunzico mmodzi-mmodzi. Pamene tinali kunyamuka masana, anyamata anali kukumba zitsime mu mcenga, kutali ndi dziwe.

Cithunzi ciri pamwambapa ndi cimodzi mwa zitatu zija, ndipo sitinacikonze. Kadontho ka kumanzere kumwamba ndi fumbi la mseu wa ku Mfuwe. Owerenga ayang'ane pansi pa mtengo, kumanja kwa mai wabvala duku loyera.