Anandilandira, Koma Wondilipirira Panalibe

Abusa anzanga achinyamata amakonda kundikokera pambali tikatuluka m'misonkhano, ndipo funso lawo limakhala limodzi: abusa, fizi ya udokotala mukuipeza kuti? Amayembekeza kuti ndiwanong'oneza dzina la mzungu wachifundo, kapena la bungwe limene ena sanalitulukire. Dzina lotero ndilibe. Ndili ndi umboni chabe wa zimene ine ndi banja langa tinadutsamo, ndipo ndaganiza zounena poyera, chifukwa nkhani ya ndalama ife abusa timaichitira manyazi mpaka itativulaza.

Chimene chinandikankhira ku sukulu ndi mpingo wakumudzi umene ndinkatumikira. Mwana akamwalira, tisanafike n'komwe kumanda, anthu ankakhala ataloza kale chala gogo wina kuti ndiye wamudya. Akhristu omwewo amene Lamulungu m'mawa ankandimvetsera, madzulo ankakhala kwa mneneri kukagula madzi odzozedwa. Mabuku amene tinaphunzira ku koleji, ambiri olembedwa ku Ulaya, sankayankha zimenezi. Amene ankandifika pamtima anali a Kachere, otuluka ku Chancellor College ku Zomba, olembedwa ndi anthu ngati J.C. Chakanza, Isabel Apawo Phiri, Kenneth Ross ndi Klaus Fiedler, amene anafufuza chikhristu cha konkuno. Ndinalakalaka kuphunzira kufufuza monga iwo.

Masitazi ndinachitira muno m'Malawi, uku ndikutumikira. Anthu amati ndinadzilipirira ndekha, koma zoona zake n'zakuti analipira ndi mayi busa. Malipiro a m'busa wakumudzi amadalira chopereka, ndipo chopereka chimadalira mvula. Akazi anga anayamba kuoda kaunjika n'kumayala pa tsiku la msika, ndipo nthawi zina ankakongola ku banki m'khonde ina kuti abweze kwinako. Teremu ina mwana wathu woyamba anabwezedwa ku sekondale chifukwa cha fizi, sabata yomweyo imene ine ndinali nditalipira yanga. Mwanayo sanadandaule. Anangoika chikwama pansi, natenga khasu n'kupita kudimba. Kukhala chete kwakeko kumandiwawabe mpaka lero. Palibe fomu ya sikolashipu imene ili ndi mzere wolembapo zinthu zotere, komatu digiri zambiri za zaumulungu muno zalipiridwa motero, ndi amayi ndi ana amene dzina lawo silioneka pa satifiketi.

M'chaka cha 2023 yunivesite ina ya ku Britain inandilembera kuti yandilandira kukachita PhD, ndiponso kuti yandichotserako gawo la fizi. Kalatayo inawerengedwa m'tchalitchi. Amayi anaimba nthungululu, akulu a mpingo anakonza pepa Sande, kwathu achibale anagulitsa ng'ombe. Kwa tonsefe ulendo unali utatheka. Kenaka tinakhala pansi ndi cholembera. Fizi yotsalayo inali yoposa malipiro anga a zaka zambirimbiri. Pamwamba pake panali mayeso a Chingerezi a IELTS, kuyezetsa TB, viza, tikiti ya ndege, komanso lamulo lakuti ndalama zokadyera kumeneko zioneke m'buku la ku banki kwa masiku 28 otsatizana. Mu Novembala chaka chomwecho kwacha inagwa ndi 44 peresenti: dola imene inkagulidwa pa K1,180 inafika pa K1,700. Zimene anthu anasonkha zinali zomwezo m'kaundula, koma mphamvu yake inasungunuka ngati mchere wogwera m'madzi. Mu Febuluwale 2024 boma la Britain linakweza ndalama ya zaumoyo imene wophunzira wakunja amalipira, kuchoka pa mapaundi 470 kufika pa 776 pa chaka, ndipo ya zaka zonse imalipiriridwa pamodzi pofunsira viza. Ulendo unathera pamenepo.

Kulephera kupita sikunandipweteke ngati Lamulungu limene ndinaimirira pamaso pa mpingo kunena kuti sindikupitanso. M'kaundula muja munali mayina a amayi amasiye amene anapereka ya sopo. Tinagwirizana ndi akulu a mpingo kuti kaundulayo awerengedwe yense poyera, ndipo wofuna ndalama yake abwezeredwe. Ena anatenga, ndipo unali ufulu wawo. Ena anati zisungidwe ku banki m'dzina la mpingo. Ngakhale tinatero, manong'onong'o akuti abusa adya ndalama anayendabe m'midzi kwa miyezi, ndipo amene ankawamva kwambiri ndi mayi busa, pa chitsime ndi pa msika. Apo m'pamene ndinamvetsa kuti kalata yokulandira sukulu si ndalama ayi, ndipo sukulu ikakuchotsera theka la fizi yakusenzetsa theka linalo. Kalata yotere ndi yofunika kuionetsa kaye akunyumba ndi cholembera, mpingo usanaimve.

Ndili m'kati mwa manyazi amenewo, kunabwera munthu wovala bwino ndi uthenga wakuti kuli semina ya masabata ochepa pa hotela ina, ndipo wolipira adzavekedwa mwinjiro n'kutchedwa dokotala. Mtengo wake unali wofikirika, ndipo yesero limeneli linali lenileni, chifukwa ndikanatseka nalo pakamwa anthu onse ondinena. Ndinamufunsa ngati sukulu yakeyo ndi yovomerezeka ndi bungwe la NCHE, limene limayang'anira maphunziro apamwamba muno. Anayamba kuyankha zozungulira. Udokotala wogula sukanandithandiza kuteteza gogo uja pa maliro, chifukwa sukanandiphunzitsa kanthu. Ndimamva chisoni ndikaona anzanga ouvala, popeza ndikudziwa njala imene inawafikitsa pamenepo.

Nditabwerera ku mafomu, bungwe lina linandikana ndi kalata yaulemu imene inali ndi funso limene sindinkaliyembekeza: kodi ndi koleji iti imene ikukudikirani mukamaliza? Ndinalibe yankho. Ndinali nditalemba zambiri za maitanidwe anga, koma iwo ankafuna kumva mawu a mpingo. Mabungwe amene amalipirira udokotala wa zaumulungu amagwira ntchito motero. Langham, imene thandizo lake kwa ophunzira analiyambitsa ndi John Stott mu 1969, imathandiza anthu amene adzabwerere kwawo kukaphunzitsa abusa ena. ScholarLeaders ya ku America nayonso imayang'ana atsogoleri amene sukulu kapena mpingo wawo ukuwachitira umboni. Poyamba zinandiwawa, koma lero ndimawavomereza. Ndalama zawo n'zochepa, ofunsira ndi ochuluka, ndipo aona ambiri amene anapita n'kukhaliratu komweko, koleji yakwawo n'kutsala yopanda mphunzitsi. Iwo salipirira maloto a munthu mmodzi. Amalipirira kalasi la abusa amene munthuyo adzawaphunzitse zaka makumi awiri zikubwerazo.

Zitseko zina zilipo, koma n'zopapatiza. Chevening imalipirira masitazi ya chaka chimodzi ku Britain, ndipo imafuna munthu amene wagwirapo ntchito zaka ziwiri, amenenso adzabwerere kwawo akamaliza. Beit Trust imathandiza ophunzira a ku Malawi, Zambia ndi Zimbabwe. Kumeneko wa zaumulungu amapikisana ndi madokotala a chipatala, mainjiniya ndi akatswiri a zaulimi, choncho ayenera kuonetsa kuti kafukufuku wake akukhudza moyo wa anthu. Kwa ine zimenezo sizinali zovuta, chifukwa nkhani ya ufiti yaphetsa okalamba m'dziko muno. Koma munthu asapotoze mutu umene Mulungu wamuika pamtima pongofuna kusangalatsa wopereka ndalama, chifukwa udokotala ndi zaka zitatu kapena zisanu za kugona ndi kudzuka ndi mutu womwewo. Ku America sukulu zikuluzikulu zimalipirira wophunzira wa PhD zonse, koma zimatenga anthu owerengeka pa chaka, ndipo zimafuna wodziwa kale Chigiriki kapena Chihebri, kuphatikizapo kuwerenga Chijeremani kapena Chifalansa.

Chimene chimandidabwitsa n'chakuti ambirife maso amangothamangira ku Ulaya, pamene Africa yemweyu ali ndi malo abwino. Ku South Africa kuli Stellenbosch, Pretoria, Free State ndi UNISA, kumene abusa ambiri a ku Malawi ndi ku Zambia aphunzira. Kuli mgwirizano wa makoleji a zaumulungu wotchedwa NetACT, umene unayamba mu 2000. Ku Nairobi kuli Africa International University, ndipo ku Ghana kuli Akrofi-Christaller Institute imene anayambitsa Kwame Bediako. Nakonso n'kolipira. Ku South Africa mapepala ako ayenera kuyamba apimidwa ndi SAQA, ndipo viza ya sukulu imafuna inshuwalansi ya chipatala. Koma kumeneko umafika pa basi, ndipo kafukufuku umachitira pakati pa anthu ako, banja lili pafupi. Wofufuza za ufiti wa m'mudzi mwake apindulanji kukhala zaka zinayi kutali ndi mudziwo?

Njira yanga inatseguka mosaoneka zozizwitsa. Mphunzitsi wamkulu wa koleji ya mpingo wathu ankasowa wophunzitsa za ubusa. Anandiitana kuti ndizithandiza, ndipo ataona ntchito yanga analemba kalata yonena kuti malo anga alipo ndikamaliza. Sinodi inavomera kuti malipiro ndi nyumba zisachotsedwe pamene ndikuphunzira. Makalata awiriwo atafika kwa mpingo wina wakunja umene umagwirizana ndi wathu, unavomera kulipira fizi ku yunivesite ina ya ku South Africa. Ndalamazo zimapita ku yunivesite komweko osadutsa m'manja mwanga, ndipo ndinapempha ndekha kuti zikhale choncho. Zoyendera timalipira ndi ndalama zija akhristu anati zisungidwe, ndipo chaka chilichonse ndimawerenga pamaso pawo mmene zagwirira ntchito. Munthu ndine yemwe uja anakanidwa, mutu wa kafukufuku ndi womwe uja. Chinasintha n'chakuti tsopano mpingo unandiyankhulira.

N'chifukwa chake mawu anga akupita kwa inu abambo athu otsogolera masinodi, madayosizi ndi makoleji. Achinyamata anu akungoyendayenda okha pa intaneti, kulembera alendo makalata opempha, ena kukongola kwa akatapila, ena kugula mikanjo ya pa hotela, pamene chinthu chimene opereka ndalama akufuna chili m'manja mwanu ndipo sichilira ndalama zambiri. Khalani pansi muone kuti zaka khumi zikubwerazi ndani adzaphunzitse Chipangano Chakale, ndani mbiri ya mpingo, ndani za ubusa. Sankhani anthuwo poyera, amayi akhalemo, osayang'ana kuti ndi mwana wa yani. Alembereni makalata pa nthawi yake, chifukwa fomu ikadutsa tsiku lake chaka chonse chapita. Ikani kamzere ka maphunziro apamwamba mu bajeti, ngakhale kakhale kochepa. Ndipo m'busa akapita ku sukulu, musatulutse banja lake m'nyumba ya mpingo, musadulenso malipiro amene ana ake akudyera.